Mwaona akuphika madata pa kafukufuku? Dandaulani chonchi osadziwotcha nokha

Kuno ku Salima akafukufuku satha phazi. Lero abwera a likodzo kugombe la Senga Bay, mawa a mpunga ku Lifuwu, mkuja ana a ku yunivesite ali pa Chipoka kufunsa asodzi kuti usipa agwira ndowa zingati. Ndipo oyenda ndi mafomu kapena tabuleti m'midzimu ndife tomwe, a MSCE ndi madipuloma ongokhala pakhomo, ka alawansi ka patsiku nkamene kamatigulira sopo.

Ine ndinagwirapo ganyu yotereyi chaka china, bungwe sinditchula. Aliyense mafomu 12 patsiku, dzuwa la Okutobala la kunoli mukulidziwa. Mnzathu wina ankangotsika galimoto nkukakhala pansi pa mango kuseri kwa tchalitchi, pofika 2 koloko mafomu onse adzadza koma khomo sanaponde ngakhale limodzi, amayi onse a m'mafomu ake anali ndi ana anayi ndi neti imodzi yong'ambika. Ndinangoyang'ana basi, kokanena sindinkakudziwa. Pano ndikukudziwa, ndiye tamvani.

Choyamba, tsimikizani kuti chimene mwaonacho ndi mlandu wa kafukufuku ndithu. Ikuluikulu ilipo itatu: kupeka mayankho kapena zotsatira ngati mnzathu wa pamango uja, kusintha manambala kapena kutaya mafomu amene sakugwirizana ndi zomwe bwana akufuna kupeza, ndi kukopera ntchito ya wina nkulembapo dzina lako, izi nzofala kwa olemba thesisi ndipo nchifukwa chake masukulu amagwiritsa ntchito Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yogwira zokopera. Onjezanipo kutenga magazi, mkodzo kapena mayankho a munthu osamufotokozera m'chilankhulo chake ndi kumupempha chilolezo, kapena kumuopseza kuti akakana sadzathandizidwa kuchipatala. Koma kuphonya polemba si chinyengo ayi, wina akalemba 54 m'malo mwa 45 amangokonza. Ndipo ngati vuto ndi loti sanakulipireni alawansi, imeneyo ndi ya ku ofesi ya leba, musaiphatikize muno mungasokoneze nkhani yabwinobwino, adzangoti uyu nzamkwiyo wa ndalama.

Chachiwiri, umboni. Apa mpamene ambiri timagwa chifukwa timadalira mutu, ndiye patapita miyezi itatu wina akufunsa kuti linali tsiku lanji, mudzi wa mfumu iti, iwe kukamwa yasa. Gulani kope la ku pulayimale, tsiku lomwelo lembani deti, mudzi, manambala a makomo, nthawi imene galimoto inakutsitsani ndi imene inakutengani, amene analipo ndi zomwe mwaona ndi maso anu, osati zomwe mwamva pa minibasi. Mauthenga a pa WhatsApp pomwe supavaiza akuti "ingodzazani tiziweruka" musafufute, jambulani sikirinishoti musunge pena. Chimene simuyenera kuchita ndi kujambula mafomu a mayina a anthu ndi matenda awo nkumatumizira anzanu, mukatero nanunso mwaswa chinsinsi cha anthu omwe mukufuna kuwatetezawo. Tabuleti ya pulojekiti musathawe nayo kuti ndi umboni, mudzagona pa polisi.

Chachitatu, pezani komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo. Osavutika, tembenuzani fomu ya chilolezo ija anthu amasainira kapena kudinda chala, kumunsi kwake kumakhala dzina la komiti, nambala ya foni ndipo nthawi zambiri nambala ya kafukufukuyo. Akafukufuku ambiri a za umoyo amavomerezedwa ndi komiti ya NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena ya COMREC, yomwe ili pansi pa yunivesite ya za umoyo ya KUHeS chigawikireni University of Malawi (UNIMA) mu 2021. UNIMA ili ndi komiti yake ya UNIMAREC, Mzuni ili ndi MZUNIREC, ndipo pamwamba pa onsewa pali National Commission for Science and Technology, NCST, yomwe inabwera ndi lamulo la sayansi la 2003. Ngati fomu ya chilolezoyo kulibe nkomwe ndipo ku ofesi ya DC kapena ya DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma, sakuwadziwa anthuwo, chimenecho chikhale chiganizo choyamba m'kalata yanu.

Chachinayi, lembani, osangoimba foni. Ngati wophika ndi mnzanu wa mu timu yambani ndi supavaiza kapena mwini kafukufuku, ambiri amathokoza chifukwa dzina loti liipe ndi lawo. Koma ngati wolamula kuphikako ndi bwanayo, mudumpheni, pitani ku komiti. Wophunzira amene lekichara wamutengera chaputala nkukasindikiza m'dzina lake apite kwa mkulu wa dipatimenti, zikakanika kwa dini (Dean) kapena rejisitirala, atanyamula madirafuti akale ndi maimelo oonetsa madeti. Kalata ikhale ya tsamba limodzi, zinachitika liti, kuti, ndani, umboni ndi uwu. Mawu oti mbava, satana, wadyera asiyeni kunyumba. Kopi imodzi akudindireni musunge, ndipo nenani momveka kuti dzina lanu lisaululidwe kwa amene mukumudandaulayo. Kulemba osasaina nkotheka koma dziwani kuti sadzakhala ndi wokamufunsa akafuna kumva zambiri, ndiye nkhani zoterozo zimafera m'fayilo.

Mukapereka musayembekeze kuti mawa munthu achotsedwa ntchito. Kawirikawiri amayamba aona ngati nkhaniyo ili ndi mutu, akatero amasunga mafomu ndi madata kuti wina asawakonze usiku, kenako amasankha anthu oti afufuze omwe si anzake a woganiziridwayo, ndipo naye amamuitana kuti ayankhe. Zimenezi zisakupsetseni mtima, mlandu sagamula atamva mbali imodzi, kwa mfumu komwe timatero. Nthawi zina amabwerera m'mudzi kukafunsa makomo angapo kuti kodi kunabweradi munthu kuno, apa mpamene kope lanu lija limagwira ntchito. Zikapezeka zoona akhoza kuimitsa kafukufuku, kutaya madata oipawo, kulanga munthuyo, kapena kuuza magazini ya sayansi kuti ichotse pepalalo. Zimachedwa zinthu izi, pepala la dokotala wa ku Britain Andrew Wakefield lonamizira katemera linatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1998 koma linachotsedwa mu 2010. Inuyo pakatha mwezi kuli zii lemberaninso kufunsa pomwe yafika, kukhalabe zii pitani ku NCST, ndipo ngati ndi yunivesite ya boma ofesi ya Ombudsman imamvanso madandaulo a kusayendetsa bwino zinthu.

Za pa Facebook ndazisungira kumapeto dala. Ndikudziwa chala chimayabwa, koma mukaponya dzina la munthu musanatsimikize akhoza kukusumirani, ndipo lamulo la za pa intaneti la 2016 lilipo. Komanso nkhani ya magazi kuno siseweretsedwa, tonse tikukumbuka mphekesera ya anamapopa ya 2017 ku Mulanje ndi Phalombe momwe anthu anafera. Positi imodzi yoti akutenga magazi mwachinyengo kwa Maganga, amene adzagendedwe si bwana wa ku Lilongwe ayi, ndi HSA, mlangizi wa zaumoyo wa pa njinga, amene anangowaperekeza kwa mfumu.