Kusankha mawaya a gitala ya resonator molingana ndi machunidwe ake

Gitala ya resonator imasiyana ndi gitala wamba chifukwa mawu ake satuluka m'thabwa la pamwamba, koma m'mbale yopyapyala ya aluminiyamu imene ili m'mimba mwake, imene oimba amaitcha cone. John Dopyera ndiye anakonza gitala yamtunduwu ku America, ndipo kampani ya National inayamba kuigulitsa mu 1927, pamene oimba ankafuna gitala yomveka patali popanda magetsi. Mbale imeneyi imalira bwino pokhapokha mawaya akaikanikiza mokwanira. Akalobodoka, imachita phokoso ngati chitini ndipo mawu amachepa mphamvu. Akakungika mopyola muyeso, imatsamwa, mwinanso kuphwanyika kumene. Choncho musanagule paketi iliyonse, yambani mwadziwa machunidwe amene mudzaimbira, chifukwa ndiwo amene amalamula makulidwe a waya aliyense.

Manambala olembedwa pa paketi, monga 13-56, amanena kunenepa kwa waya woyamba ndi wachisanu ndi chimodzi poyeza ndi inchi yogawidwa m'magawo 1,000, kotero 13 ndi .013 ndipo 56 ndi .056 ya inchi. Waya wa .013 ndi wowonda kwambiri, pamene wa .056 ndi pafupifupi mamilimita 1.4. Lamulo loyenera kulisunga pamtima ndi lakuti mukakweza mawu a waya pochuna ndi fureti imodzi (mafureti ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), kukungika kwake kumawonjezeka ndi pafupifupi 12 peresenti, mukakweza ndi mafureti awiri kumafika 26 peresenti, ndipo ndi atatu kumapitirira 40 peresenti. Mukatsitsa ndi mafureti awiri, waya amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yake. Tanthauzo lake n'lakuti waya wotsitsidwa ayenera kunenepa, ndipo waya wokwezedwa ayenera kuwonda.

Kenaka yang'anani khosi la gitala yanu. Ya khosi la ngodya zinayi imagonekedwa pamiyendo n'kumaimbidwa ndi kachitsulo kotsetsereka pamwamba pa mawaya, monga ankachitira akuluakulu athu oimba gitala mwa njira ya ku Hawaii, yotchedwa hauyani, ndi botolo kapena mpeni. Kawirikawiri imachunidwa G B D G B D, kuyambira pa waya wonenepa. Pamenepa mufunika paketi ya 16-56, ndipo chitsanzo chodziwika ndi D'Addario EJ42, imene ili ndi .016, .018, .028, .035, .045 ndi .056. Waya wachisanu ndi chimodzi amakwera mafureti atatu kuchoka pa E kufika pa G, wachisanu amakwera awiri, ndipo katundu yense ameneyu amasenzedwa ndi khosi lochindikala limene linapangidwira ntchito yomweyi. Ndikuchondererani kuti machunidwe amenewa, pa mawaya amenewa, musawayese pa gitala ya khosi lobulungira, chifukwa khosi limatha kupindika, ndipo mmisiri wodziwa kuliwongola kapena kusintha cone n'ngovuta kumupeza kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Gitala ya khosi lobulungira, imene imagwiridwa ngati gitala wamba, ndiyo ifuna kulingalira kwambiri, popeza mwini wake amafuna kudinikiza mawaya ndi zala komanso kutsetsereza botolo. Machunidwe awiri amene ndimalangiza munthu kuyamba nawo ndi Open G yotsika, ya D G D G B D, ndi Open D, ya D A D F# A D. Onse awiri amatsitsa mawaya ndipo sakweza ngakhale mmodzi. Mu Open G amatsika ndi woyamba, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, pamene mu Open D amatsika anayi: woyamba, wachiwiri ndi wachisanu ndi chimodzi ndi mafureti awiri, wachitatu ndi fureti imodzi. Paketi ya 13-56, yokhala ndi .013, .017, .026, .035, .045 ndi .056, ndi maziko abwino pa onse awiri, koma vuto limakhala pa waya woyamba. Waya ameneyu ndiye amanyamula nyimbo pansi pa botolo, ndipo .013 akatsikira pa D amafewa kwambiri moti botolo limamumiza mpaka kugunda mafureti. Mchotseni n'kuika .015, amene akachunidwa pa D amakungika pafupifupi mofanana ndi .013 ali pa E. Amene dzanja lake ndi lolemera akhoza kuika .016, ngakhale kuti zala zimamva kuwawa masiku oyamba. Mu Open D, waya wachiwiri nayenso amapindula mukamusintha n'kuika wa .018 kapena .019.

Ubwino wa njira imeneyi kwa ife ndi wakuti simuyenera kudikira paketi yolembedwa kuti ndi ya resonator, imene nthawi zambiri imafuna kutuma munthu wochokera ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku South Africa. Waya wachiwiri wa paketi ya 12-53 ndi .016, ndipo akhoza kugwira ntchito ngati waya woyamba pa gitala yanu, choncho musataye mawaya otsala m'mapaketi a anzanu oimba m'kwaya.

Open E, ya E B E G# B E, ndi Open A, ya E A E A C# E, zimamveka mowala ndipo oimba ambiri amazikonda, koma zimakweza mawaya atatu nthawi imodzi. Pa izi tsikirani ku 12-53, ndipo mu Open A samalani ndi waya wachitatu, amene amaduka msanga akamachoka pa G kupita pa A. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kuchuna Open D kapena Open G n'kumanga capo (kachipangizo kopana mawaya onse pamodzi) pa fureti yachiwiri, chifukwa mawu mumapeza omwewo popanda kulemetsa mbale, komanso popanda kusintha mawaya nthawi iliyonse pamene woimba nyimbo wapempha kiyi ina.

Za mtundu wa chitsulo sizifuna mawu ambiri. Phosphor bronze amapereka mawu odzaza ndipo ndi amene ambiri amaika, koma ngati gitala yanu ili ndi pickup ya maginito, kachipangizo kotola mawu a mawaya n'kuwatumiza ku sipika, mawaya a nickel ndiwo amamveka mofanana pa sipika.

Posintha mawaya, chotsani mmodzi n'kuika watsopano musanakhudze wina, makamaka pa gitala ya biscuit, ya mbale imodzi yokhala ndi kathabwa kobulungira pamwamba, ndi ya tricone ya timbale titatu, chifukwa mbalezo zimakhazikika m'malo mwake ndi kukanikiza kwa mawaya, ndipo mukachotsa onse pamodzi bridge, kamlatho kamene mawaya amatsamirapo, imasuntha n'kusokoneza machunidwe a mafureti onse. Kwezani waya aliyense pang'onopang'ono mukumvetsera, ndipo mukamva kuthetheka mkati mwa gitala, khwefulani nthawi yomweyo. Mukasintha makulidwe, dikirani masiku awiri kapena atatu kenaka muyang'ane khosi kuchokera kumutu ngati mmisiri woyang'ana thabwa, kuti muone ngati layamba kupindika. Kuno kwathu nkhungu ya m'phiri la Dedza ndi chinyezi cha dzinja zimachititsa dzimbiri msanga pa mawaya osakulungidwa, woyamba ndi wachiwiri, amenenso ndi ovuta kuwapeza paokha, kotero apukuteni ndi kansalu kouma mukangomaliza kuimba, ndipo gitala muisunge m'chikwama chake kutali ndi khoma lozizira.