Momwe mungadziwire kuti BP yanu yakwera, osadikira kuti mutu uyambe wawawa

Anthu ambiri amati ndikanakhala ndi BP bwenzi ndikumva m'thupi, koma abale BP siyenda choncho ayi, munthu umatha kumalima, kupalasa njinga, kugulitsa pamsika bwinobwino uku magazi akuthamanga mpaka kuwononga mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti kuno ku Malawi mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri samadziwa nkomwe.

Ndiye choyamba, kayezetseni kuchipatala kapena ku famase komwe kuli makina. Musangofika wefuwefu nkupereka mkono, khalani kaye pansi mphindi 5, mapazi onse pansi osapingasa miyendo, mkono patebulo, ndipo akamakuyezani musamalankhule. Khofi ndi fodya musiye kutatsala mphindi 30 kuti akuyezeni.

Kenako mvetsetsani manambalawo. Cha m'ma 120/80 ndi bhobho. Akafika 140/90 kapena kuposa apo BP yakwera, koma kuyeza kamodzi sikukwanira, mubwererenso tsiku lina ndipo azikulemberani m'buku lakuchipatala lija. Akafika 180/120 musabwerere kunyumba musanaonane ndi adokotala.

Pali zizindikiro zoti mukaziona mwa inu kapena mwa agogo kunyumba musachedwe: mutu kuwawa koopsa mwadzidzidzi, kuona chimbuuzi, kupweteka pachifuwa, kubanika, kamwa kupindikira mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka, lilime kulemera mawu osamveka. Apa mpamene ambiri timataya nthawi, timati wamenyedwa hamala nkuthamangira kwa asing'anga pomwe ndi sitiroko, ndipo maola oyambirirawo ndi amene amapulumutsa munthu. Pezani galimoto msanga. Amayi oyembekezera nawonso, nkhope ndi manja zikatupa komanso mutu sukusiya, musadikire tsiku la sikelo.

Kunyumba chepetsani mchere, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi basi, kuwerengera ndi uja wa m'nsomba zouma ndi uja timawaza pa chiwaya. Mowa chepetsani, fodya siyani, muziyendako wapansi.

Akakupatsani mankhwala ngati HCTZ kapena amlodipine imwani tsiku ndi tsiku. Chonde musamasiye poti mwayamba kupeza bwino, BP yatsika chifukwa cha mapilitsi omwewo, mukasiya imakweranso. Akamakutupitsani mapazi kapena kukupatsani chizungulire kauzeni adokotala, amatha kukusinthirani ena.