Satifiketi ya forklift: funsani kuti ndi ya makina ati musanalipire

Abale anga amene mukusaka ntchito m'ma warehouse kuno ku South Africa, munthu akakulonjezani satifiketi ya forklift, mufunseni kuti ndi ya makina ati. Ine sindinafunse, ndipo ndikakumbuka mtima umandiwawabe.

Ejenti wina, Mmalawi mnzathu ndithu, anandiuza kuti forklift ndi forklift basi. Ananditengera pabwalo lina kuseri kwa galaja, masiku awiri ndikuzungulira ndi forklift ya mtundu wa counterbalance nditanyamula paleti (thabwa loikapo katundu) yopanda kanthu, kenaka pepala linatuluka, chidindo chake chonyezimira. Ndalama zake ndinachita kukongola.

Tsiku loyesedwa ntchito anandipatsa forklift ya mtundu wina, yotchedwa reach truck. Mpando wake umayang'ana cham'mbali, ndipo kanjira ka pakati pa mashelefu kanali kongokwanira makinawo. Ndinakhota monga ndinazolowerera pabwalo paja, kumbuyo kwake kunakagunda mwendo wa shelefu. Kapitawo sanakalipe n'komwe. Anangondiloza papepala langa pamene panalembedwa F1, nambala ya satifiketi ya counterbalance, nandiuza kuti reach truck imafuna F5. Atafufuzanso nambala ya sukulu yomwe inali papepalapo, sinapezeke paliponse. Ndinabwerera kunyumba manyazi ali thoo, ndipo sabata yomweyo foni ya ejenti uja inasiya kulowa. Ngongole ija ndinabweza ndekha, miyezi ingapo.

Mvetsani kusiyana kwake. Counterbalance ili ndi chitsulo cholemera kumbuyo, ndipo kuti itembenuke imafuna kanjira ka mamita pafupifupi 3.5 kapena kuposa. Reach truck imalowa m'kanjira kosafika mamita 3, chifukwa mlongoti wake wokwezera katundu umatuluka kutsogolo kukatenga paleti n'kubwerera nayo pakati pa miyendo. Ndiye pali VNA, yomwe ena amati turret truck, ya tinjira tosafika mamita 2. Imeneyi sitembenuka ikakhala m'kanjira: mafoloko, zitsulo zonyamulira paleti zija, ndi amene amazungulira kumanja kapena kumanzere, ndipo imatsogozedwa ndi waya wokwiriridwa pansi kapena zitsulo za m'mbali. Ina imakukwezani inuyo pamodzi ndi katundu mamita oposa 10. Ngati mumachita chizungulire pamwamba, musadzikakamize.

Njira yolondola ndi yaifupi: pimitsani thupi kwa dokotala, phunzirani masiku 5 kusukulu yovomerezeka ndi TETA (bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito za mtengatenga), ndipo satifiketi imatha pakapita miyezi 24, mukaikonzenso.

Koma tamverani. Musalipire musanaone nambala ya sukuluyo ndi kuifufuza nokha, osati kudzera mwa amene akukugulitsani maphunzirowo. Musavomere kuphunzira reach truck pamalo popanda mashelefu. Mudzaphunzira chiyani pabwalo lambee? Wonena kuti pepala lituluka mawa osakwera makina ndi wakuba, ngakhale alankhule Chichewa chokoma bwanji. Ndipo satifiketi si chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno, musanamizidwe kuti imodzi ikuphimba zonse.

Mukalowa ntchito, werengani kachitsulo kolembedwa kulemera komwe makina anganyamule. Nambala yaikulu ija ndi ya pamene mafoloko ali pansi. Mukamakweza mlongoti, mphamvu yake imachepa, ndipo ambiri amagwetsa katundu chifukwa chosadziwa zimenezi. Musayende mafoloko ali m'mwamba. Musatulutse phazi kunja, limapanikizika pakati pa makina ndi shelefu. Timagudumu ta reach truck n'tating'ono, topangidwira simenti yosalala, choncho musatuluke nayo panja pokumbika ngakhale akuuzeni kuti lole ikudikira.

Mukagunda shelefu, kaneneni nthawi yomweyo. Ndikudziwa, mumaopa kuchotsedwa ntchito, makamaka ife alendo. Koma mwendo wopindika umatha kugwetsa mzere wonse patapita masiku, ndipo m'kanjira kopapatiza mulibe kothawira. Kapitawo uja, ngakhale anandibweza, anayamba watseka kanjirako ndi kutsitsa mapaleti onse a pamwamba pa mwendo umene ndinagunda.