Momwe mungatumizire metadata pa gRPC mu Python

Tiyerekeze kuti mwalemba pulogalamu ya sitolo ya zipangizo zaulimi kuno ku Mzuzu. Nthambi zili ku Luwinga, ku Katoto ndi ku Chibavi, koma seva ili kuofesi m'tauni. Thumba la feteleza likagulidwa, foni ya wogulitsa imaitana seva kudzera pa gRPC, njira yoti mapulogalamu azilankhulana pa netiweki yomwe Google inatulutsa mu 2015 ndipo imayenda pa HTTP/2. Pa pempho lililonse seva ifunika kudziwa wotumiza, nthambi yomwe ali, ndi nambala ya pempholo.

Ambiri amathamangira kuziika zimenezi mu fayilo ya .proto (momwe mumafotokozera maonekedwe a mauthenga), m'kati mwa message iliyonse. Ntchito imayenda ndithu, koma tsiku lofuna kusintha kanthu kamodzi mudzatsegula ma message onse. Malo ake ndi metadata, timfundo tokhala ndi dzina ndi mtengo wake tofotokoza za pempho, yomwe imayenda ngati ma header a HTTP/2, pambali pa uthenga weniweniwo.

Yambani ndi mayina a ma header. Alembeni m'zilembo zazing'ono zokhazokha, chifukwa Python imakana dzina lokhala ndi chilembo chachikulu. Dzina lisayambe ndi grpc-, mayina otero ndi a gRPC mwini wake. Polekanitsa mawu gwiritsani ntchito - osati _, makamaka ngati pakati pa foni ndi seva pali nginx (pulogalamu yolandira mapempho n'kuwapititsa ku seva): imataya mwakachetechete ma header okhala ndi _ pokhapokha mutaiuza kuti iziwalola, ndiye mudzangoona kuti nthambi siikufika.

Kenako kumbali ya foni, pomwe token ndi chizindikiro chotsimikizira wotumiza:

md = (
  ("authorization", "Bearer " + token),
  ("x-nthambi", "luwinga"),
  ("x-request-id", nambala),
)
yankho = stub.LembaMalonda(pempho, metadata=md, timeout=10)

Onani kuti nthawi yodikira ili pa timeout, osati mu metadata.

Kumbali ya seva muwerenge chonchi:

md = dict(context.invocation_metadata())
if "authorization" not in md:
  context.abort(grpc.StatusCode.UNAUTHENTICATED, "palibe token")

Token ikakhalapo muitsimikizirenso kuti ndi yoona. Ndipo x-nthambi musangoikhulupirira, aliyense angathe kulemba "katoto" ali ku Rumphi. Iyerekezeni ndi nthambi ya mwini token.

Pa x-request-id ndi pomwe pagona ndalama. Mvula ya kuno ikamagwa netiweki imavuta, ndiye pempho limatha kufika ku seva, malonda n'kulembedwa, koma yankho osabwerera. Foni imaona ngati zakanika, imatumizanso, ndipo thumba limodzi lalembedwa kawiri. Madzulo wogulitsa ndi bwana wake ayamba kukangana za ndalama yomwe sinalowe n'komwe. Choncho nambalayo ipangeni kamodzi ndi str(uuid.uuid4()) pamene wogulitsa wadina batani, muisunge m'foni, ndipo potumizanso mugwiritse ntchito yomweyo. Seva izisunga manambala omwe yalandira, ikaona yobwereza ingobweza yankho lakale. Mukapanga nambala yatsopano pa kuyesa kulikonse mwangodzivutitsa.

Metadata wamba imalola zilembo za ASCII zokha (zilembo wamba za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro). Dzina la wogulitsa lokhala ndi ŵ, lomwe kuno kumpoto silisowa, silidutsa choncho. Dzina la header lithere ndi -bin, ndipo mutumize ma byte:

("x-wogulitsa-bin", dzina.encode("utf-8"))

gRPC imazisandutsa yokha kukhala base64 panjira. Inu ku seva mungochita decode("utf-8").

Mukatopa kulemba metadata=md paliponse, lembani interceptor (kachidutswa ka pulogalamu komwe pempho lililonse limadutsirapo) n'kuilumikiza ndi grpc.intercept_channel, iziika token ndi nthambi pa pempho lililonse. Nambala ya pempho yokha ndiyo izichokera pa malonda aja.

Musadzazemo katundu. Malire a metadata nthawi zambiri amakhala 8 KB, ndiye chithunzi cha lisiti chipite mu message. Komanso token isayende pa insecure_channel kunja kwa laputopu yanu. Gwiritsani ntchito grpc.secure_channel ndi TLS, yomwe imabisa uthenga panjira.

Musanapereke pulogalamu kwa ogulitsa, yesani ndi grpcurl, chida chotumizira mapempho a gRPC pamanja. Ikani -H "x-request-id: 1" pamodzi ndi token, mutumize pempho lomwelo kawiri, kenako muone m'database ngati malonda alembedwa kamodzi.