Momwe mungasewerere Mastermind popanda kukangana

Mastermind ndi masewera a anthu awiri: wina amabisa zikhomo zinayi zamitundumitundu, mnzake n'kumazisaka ndi nzeru zokha. Anawayambitsa ndi Mordecai Meirowitz wa ku Israel mu 1970, ndipo kampani ya Invicta Plastics ya ku England ndiyo inayamba kuwapanga n'kumagulitsa.

Choyamba pezani bolodi. Mabokosi akale amapezeka mwa apo ndi apo pakaunjika wa zidole kapena kwa ogulitsa pa intaneti. Musapereke ndalama musanatsegule. Ena amamata bokosi ndi selotepi n'kumalumbira kuti zonse zilimo, koma mukafika kunyumba mupeza tizikhomo ting'onoting'ono toyankhira, takuda ndi toyera, tatsala tochepa, chotchingira chobisira zikhomo palibe. Akakutchulirani mtengo wokwera ati poti n'chakale, asiyeni. Katoni, zitsekerero za mabotolo za mitundu isanu ndi umodzi, nyemba zakuda ndi njere za chimanga zimagwira ntchito yomweyo.

Wobisa amasanja zikhomo zinayi kuseri kwa chotchingira. Musanayambe gwirizanani ngati mtundu umodzi ungabwerezedwe. Ine ndimati uzibwerezedwa, chifukwa mpamene masewera amakoma: pa mitundu isanu ndi umodzi yosankhapo, masanjidwe otheka amakwana 1,296. Wosaka amadzaza mzere woyamba ndi zikhomo zinayi, ndiye wobisa amayankha ndi tizikhomo ting'onoting'ono tija. Kakuda kakutanthauza kuti mtundu ndi malo zonse zalondola. Koyera kakutanthauza kuti mtunduwo ulipo koma waikidwa polakwika.

Apa mpamene kwathu masewera anathera m'mapokoso, ndiye mvetsetsani bwino. Vuto limabwera mtundu ukabwerezedwa. Tinene kuti mwabisa chofiira, chofiira, chabuluu, chachikasu. Mnzanu waika chofiira, chobiriwira, chofiira, chofiira. Dzanja limathamangira kuika kakuda kamodzi ndi toyera tiwiri, poti zofiira ziwiri zili polakwika. Ayi ndithu. Zofiira zanu zilipo ziwiri zokha. Choyamba chadya kale kakuda, chachiwiri chipereka koyera kamodzi, basi. Yankho ndi kakuda kamodzi, koyera kamodzi. Mukaonjezera kena, mnzanu akhulupirira kuti chobiriwira nacho chilimo, ndipo mizere yonse yotsatira aisanja pa bodza. Adzazindikira pomwe mukuchotsa chotchingira, nthawi yonseyo yapita pachabe, ndipo sadzavomera kuti simunachitire dala.

Choncho werengani takuda kaye, muchotse m'maganizo zikhomo zomwe zapeza malo, kenako muwerenge toyera pa zotsalazo. Chikhomo chilichonse chobisidwa chimayankha kamodzi kokha. Komanso musaike kakuda moyang'anizana ndi chikhomo cholondolacho. Sakanizani, apo ayi mwaulula nokha chinsinsi. Wobisa asathamange poyankha, ngakhale mnzake akumufulumizitsa.

Kwa wosaka, mzere woyamba musauwononge ndi mitundu inayi yosiyana. Donald Knuth, katswiri wa zamakompyuta, anasonyeza m'zaka za m'ma 1970 kuti chinsinsi chilichonse chingapezeke m'mizere yosapitirira isanu, ndipo njira yake imayamba ndi ziwiri za mtundu umodzi ndi ziwiri za mtundu wina. Masamu ake onse mutu wa munthu sungasunge, koma poyambira pakepo tengani. Mzere wobwera wopanda kachikhomo ngakhale kamodzi musaudandaule, chifukwa wakuchotserani mitundu yonse yomwe ili pamenepo. Musanaike mzere watsopano, uyeseni ndi mayankho onse akale; ukasemphana ndi limodzi, si umenewo.

Zotsalazo n'zosavuta. Mizere imakhala khumi pa mabolodi ambiri, ena ili 8 kapena 12. Wobisa amapeza pointi pa mzere uliwonse womwe mnzake wagwiritsa ntchito. Takuda tikakwana tinayi, kapena mizere ikatha, chotsani chotchingira n'kusinthana malo. Mapointi muzilemba papepala.