Momwe mungayendetsere sukulu ku Joni kuti digiri isadzathere m'chikwama

Mmalawi amene akuphunzira pa yunivesite ya Wits (Witwatersrand) kapena ya UJ (University of Johannesburg) amathamanga ndi nthawi kuposa anzake a konkuno, chifukwa viza yake imatha sukulu ikatha. Mnzake wa ku Soweto akavala gauni angathe kukhala kwa makolo chaka chathunthu akuponya makalata ofunsira ntchito. Inu mwayi umenewo mulibe. Choncho zimene ndalemba apazi n'zoyamba chaka choyamba chomwe, pamene mukadasocherabe m'misewu ya Braamfontein ndi Auckland Park, komwe kuli masukuluwa.

Choyamba: konzani mapepala

Lembani tsiku lothera viza pamalo poti muziliona. Pempho lowonjezera masiku limaperekedwa kudzera ku VFS Global, kampani yolandira mapempho a viza, kutatsala masiku osachepera 60, ndipo viza imeneyi imalembedwa dzina la sukulu yanu, moti mukasintha yunivesite ndiye kuti mufunsiranso ina. Inshulansi ya kuchipatala iyenera kukhala ya bungwe lolembetsedwa mu South Africa muno, ndipo amafuna umboni wake chaka chilichonse musanalembetse maphunziro.

Pa nkhani ya fizi, mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro umene unasainidwa ku Blantyre mu 1997 ndi umene umatithandiza kuti tizilipira ngati eni dziko, ngakhale pamakhala kandalama kena kowonjezera ka ophunzira akunja. Thandizo la fizi lochokera ku boma, lotchedwa NSFAS, si la ophunzira obwera pa viza, musatayirepo nthawi. Viza yanu imakulolani kugwira ganyu maola osapitirira 20 pa sabata. Sungani nambala imeneyi m'mutu, tibwereranso.

Chachiwiri: malikisi amakololedwa mkati mwa semesita

Apa ndi pamene ambiri a ife timapunthwa. Tinakulira pa MSCE, pomwe zonse zimaweruzidwa ndi mayeso a kumapeto, ndiye timafika ndi mtima woti tidzawerenga usiku wonse mayeso akayandikira. Kuno sizitero. Chaka chimayamba mu Febuluwale, mayeso akuluakulu amabwera mu Juni ndi mu Novembala, koma gawo lalikulu la malikisi limakhala litatoleredwa kale kuchokera ku timayeso ta m'kalasi, maasayimenti ndi ntchito za m'magulu. Pa UJ, maphunziro ambiri amafuna kuti mukhale ndi 40 pa 100 ya malikisi a semesita kuti akuloleni n'komwe kulowa m'chipinda cha mayeso. Pa Wits napo pali lamulo loti amene sanapereke ntchito zake kapena sankabwera ku makalasi ofunika angathe kukanizidwa kulemba.

Ndiye sabata yoyamba chitani izi. Lowani pa Ulwazi ngati muli pa Wits, kapena pa uLink ngati muli pa UJ (awa ndi masamba a pa intaneti a ophunzira), mutsitse kabuku kofotokoza phunziro lililonse. Mmenemo muli masiku a timayeso tonse ndi kulemera kwake. Koperani masiku onsewo pa pepala limodzi. Mudzaona nokha kuti pali masabata ena pamene zinthu zitatu kapena zinayi zikugwera pamodzi, ndipo ntchito ya masabata amenewo iyenera kuyambika kale kusanapse.

Kukhoza ndi 50, ulemu wapadera umayambira pa 75. Koma nambala imene ndimauza achinyamata kuti aziyang'ana ili pakati: madipatimenti ambiri amafuna 60 kapena 65 kuti akutengeni ku Honours, maphunziro a chaka chimodzi otsatira digiri yoyamba. Kwa mlendo, Honours ndi chaka china chokhala mdziko muno mwalamulo, uku ukudziwika ndi anthu a ntchito yako. Amene amangosangalala ndi 51 amadzazindikira m'chaka chachitatu kuti khomo limenelo anadzitsekera yekha.

Za kukopera, samalani. Maasayimenti ambiri amadutsa pa Turnitin, pulogalamu yofufuza zokopera, ndipo mlandu wakuba ntchito ya wina ungakuchotsetseni sukulu, viza n'kugwera pomwepo. Ngati kalembedwe ka Chingerezi cha ku yunivesite kakukuvutani, mayunivesite onse awiri ali ndi malo othandiza kulemba, ndipo salipiritsa. Pitani ndi zimene mwalemba kale, ngakhale zili zosalongosoka, kutatsala sabata. Mukapita kutatsala tsiku limodzi mudzapeza malo atadzaza.

Chachitatu: mphunzitsi mmodzi akudziweni dzina

Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu sumulowera mu ofesi popanda kuitanidwa. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma m'kalasi ya anthu mazana angapo umakusandutsa nambala chabe. Aphunzitsi a kuno amalemba pakhomo kapena m'kabuku kaja maola amene ophunzira angabwere kudzafunsa, ndipo kawirikawiri amakhala okha m'maola amenewo. Safunsa anadya phula.

Musapite kukanena kuti simukumva chilichonse. Tengani funso limodzi, muonetse pamene mwafika ndi pamene mwakanika. Mukalandira pepala la mayeso, pitani mukafunse chimene chikanakweza malikisi, popanda kukangana nawo. Mukatero kangapo pa semesita, munthuyo amayamba kukupatsani moni m'khonde. Imelo yanu izikhala yaifupi, yochokera pa adiresi ya sukulu, yokhala ndi dzina la phunziro ndi nambala yanu.

Phindu lake limabwera mochedwa koma ndi lalikulu. Mphunzitsi ameneyu ndi amene adzakulemberani kalata yokuchitirani umboni, ndipo kalata ya munthu amene amakudziwani imasiyana kutali ndi ya mizere itatu yongotsimikiza kuti munalipo. Ndi yemweyonso amene amasankha ophunzira othandiza a chaka choyamba kapena othandiza pa kafukufuku. Kwa ine, imeneyi ndiyo njira yabwino yogwiritsira ntchito maola 20 aja. Ganyu wa mu lesitilanti ku Melville angakupatseni ya lendi, sindikunyoza, koma ntchito ya mu dipatimenti imalowa pa CV ndipo imakusiyani pafupi ndi laibulale.

Chachinayi: musamangokhala ndi Amalawi okhaokha

Afuneni Amalawi anzanu, makamaka amene ali patsogolo panu. Iwo ndi amene amadziwa nyumba zotsika mtengo, kogula ufa ndi usipa, ndi njira yodalirika yotumizira ndalama kumudzi. Koma pa ntchito za m'magulu sakanikiranani ndi eni dziko. Amene mwakhala naye pa benchi lero ndi amene mawa adzamve kuti ku kampani yake kukufunika munthu. Phunzirani moni wa Chizulu ndi Chisutu, ndipo m'gulu khalani amene amamaliza gawo lake pa nthawi yake. Mbiri imeneyo anthu saiwala.

Chachisanu: tulukani pa geti, koma funsani funso loyenera

Johannesburg ndi mzinda umene unamangidwa pa golide wopezeka mu 1886, ndipo Wits yomweyi inachokera ku sukulu ya zamigodi isanakhale yunivesite mu 1922. Agogo athu ankabwera kuno pa Wenela kudzalowa pansi. Ife tabwera pamene mabanki, makampani owerengera ndalama ndi msika wa masheya wa JSE zili ku Sandton, ulendo wa mphindi zochepa pa sitima ya Gautrain kuchokera pa Park Station. Kungokhala mkati mwa mpanda wa sukulu zaka zitatu mu mzinda wotere n'kudzimana.

Yambirani pa ofesi yothandiza za ntchito: pa Wits ndi CCDU, pa UJ ndi PsyCaD. Amakonza CV, amakuyesererani mafunso a intavyu, ndiponso amabweretsa makampani pasukulu. Pa masiku amenewo musangotolera zolembera ndi zikwama zaulere. Funsani poyambirira pomwe ngati amalemba anthu amene si nzika. Malamulo a dziko lino olimbikitsa kulemba ntchito anthu amene ankaponderezedwa kale sawerengera alendo, choncho mipata yambiri ya omaliza kumene sukulu ndi ya eni dziko. Palibe chokwiyira apa, mbiri yawo tikuidziwa. Chofunika n'kudziwa msanga makomo otseguka, monga makampani amene ali ndi nthambi m'maiko ena a mu Africa, kumene Chichewa chanu ndi kudziwa kwanu Lilongwe kapena Lusaka zimasanduka chuma.

Amene mukuphunzira za makompyuta, malo a zaukadaulo otchedwa Tshimologong ali pa Juta Street mu Braamfontein momwemo, ndipo kumachitika misonkhano ya anthu a zaukadaulo. Mukacheza ndi munthu kumeneko, mulembereni pa LinkedIn mawa lake, mutchule chimene munakambirana. Musapemphe ntchito m'uthenga woyamba. Funsani momwe iye analowera, kapena chimene akanaphunzira akanakhala pa msinkhu wanu. (Pobwerera usiku foni ikhale m'thumba, imeneyo ndi Joni.)

Dziwaninso bungwe loyang'anira ntchito yanu: ECSA kwa mainjiniya, SAICA kwa owerengera ndalama, IITPSA kwa a makompyuta. Izi n'zofunika chifukwa viza ya anthu a luso losowa imayendera mndandanda wa ntchito umene a unduna wa Home Affairs amatulutsa, ndipo kawirikawiri amafuna umboni wochokera ku bungwe lotere. Mndandandawo umasintha, ndiye muziuwerenga chaka ndi chaka, makamaka musanasankhe maphunziro a chaka chachitatu ndi mutu wa Honours.

Chachisanu ndi chimodzi: tchuthi cha Disembala chigwire ntchito

Kuchokera kumapeto kwa Novembala mpaka Febuluwale ndi nthawi yaitali. Maphunziro ena, monga a uinjiniya, amafuna kuti mugwireko ntchito pa kampani musanamalize, koma makampani ambiri a kuno, makamaka a zomangamanga, amatseka pakati pa Disembala. Ngati mukukwera basi yodzera Beitbridge, Tete ndi Mwanza, lemberanitu makalata ku mabungwe a ku Blantyre kapena Lilongwe mu Seputembala, ndipo funsani dipatimenti yanu ngati ingavomereze ntchito yogwiridwa kunja kwa South Africa. Ngakhale asakulipireni, pemphani kalata yokhala ndi chidindo yofotokoza zimene munachita. Mukadzaganiza zobwerera kwathu, padzakhala anthu amene anakuonanipo mukugwira ntchito, osati kungoona pepala lochokera kunja.

Pomaliza sukulu

Yunivesite sipereka satifiketi kwa amene ali ndi ngongole ya fizi, choncho yang'anani akaunti yanu semesita yomaliza isanayambe. Tengani makope angapo a pepala la malikisi anu onse okhala ndi chidindo mukadali konkuno, chifukwa kuwaitanitsa muli ku Mzuzu n'kovuta. Ku Malawi, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE ndi limene limaunika digiri yochokera kunja, ndipo owerengera ndalama amalembetsanso ku ICAM. Tenganinso mabuku aja ofotokoza phunziro lililonse amene munatsitsa sabata yoyamba, chifukwa pa kuunikako angafune kuona zimene munaphunziradi.