Masanje a hotela: momwe mungaphunzitsire ana masamu, kulemba ndi ulemu pakhomo

Ambirife tinakula tikusewera masanje. Chimanga chikakololedwa tinkamanga timisasa ta mapesi, wina n'kukhala bambo, wina mayi, wina fisi wodzaba ndiwo. Palibe ankatiuza kuti tili pa sukulu, koma ndi komweko kumene tinadziwira kuvundula nsima, kugawa ndiwo kuti zikwanire aliyense komanso kulandira mlendo. Masewera a hotela ndi masanje omwewo, kungoti tikuwonjezamo kope, pensulo ndi ndalama za pepala.

Ine ndinayamba zimenezi mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Mwana wanga wamkazi ankati akangoona buku la masamu, misozi ili m'maso. Koma tsiku limene anakhala manijala wa hotela yake pakhonde, anawerengera chenji mpaka dzuwa kulowa osadandaula. Njirayi ndi yothandiza kwa amene mumaphunzitsa ana pakhomo chaka chonse, komanso kwa amene mukungofuna kuti nthawi ya holide isapite pachabe. Imayenda bwino ndi ana a zaka 5 mpaka 12.

Choyamba: kaoneni hotela yeniyeni

Mwana sangatengere chinthu chimene sanachionepo. Mwayi wathu kuno ku Zomba ndi wakuti malo ogona alendo ali paliponse, kuyambira maresiti hausi a m'tauni, Hotel Masongola mmunsi mwa phiri, mpaka Sunbird Ku Chawe pamwamba penipeni. Sikuti mukalipire chipinda ayi. Kungodutsa pakhomo pake, ana awerenge chikwangwani, aone mlonda pa geti ndi galimoto za alendo, n'kokwanira. Pobwerera afunseni: munthu amagoneranji ku hotela pomwe ali ndi kwawo? Amamuphikira ndani? Nsalu zogonera amachapa ndani? Mayankho awo ndi amene akupatseni ntchito zogawana pambuyo pake.

Chachiwiri: konzani malo ndi dzina

Khonde, pansi pa mtengo wa mango kapena pabalaza, paliponse m'pabwino. Mkeka umodzi ndi chipinda chimodzi. Zitenje zomangirira pa chingwe ndiwo makoma. Tebulo laling'ono likhale polandirira alendo. Dulani katoni, mupange makiyi, ndipo pa kiyi iliyonse mwana alembe nambala ya chipinda. Dzina la hotela asankhe okha n'kulilemba pa chikwangwani. Akalakwitsa chilembo musafufute tsiku loyambalo, mudzakonzera limodzi mawa lake.

Chachitatu: pangani ndalama

Apa musathamange, chifukwa masamu ambiri abisala pomwepa. Yalani pa tebulo ndalama zenizeni, K20, K50, K100, K200, K500, K1,000, ndipo ngati zilipo K2,000 ndi K5,000, ana azigwire n'kuziyang'ana mbali zonse. Pa K200 pali nkhope ya Rose Chibambo, pa K1,000 pali Hastings Kamuzu Banda, pa K500 pali John Chilembwe. Kenako auzeni atembenuze K500 ija. Kumbuyo kwake kuli damu la Mulunguzi, lomwe lili pamwamba pa phiri lathu lino ndipo limasunga madzi amene timamwa m'tauni muno. Ana anga ataona zimenezi anathamangira panja kukaloza phiri, ndipo tsiku limenelo phunziro la mbiri ya dziko linalowa lokha.

Mukatero bwezani ndalama zenizenizo m'chikwama, ana adule mapepala ndi kujambula zawo. Musafotokope ndalama za boma, kutero n'kuphwanya lamulo, komanso kujambula ndi dzanja kumathandiza mwana kuzolowera kulemba manambala aakulu. Onetsetsani kuti ndalama zing'onozing'ono zachuluka kuposa zikuluzikulu, apo ayi hotela isowa chenji mlendo woyamba akangofika. Kwa mwana wa zaka 5 kapena 6, zitsekerero za mabotolo ndi zokwanira: chipinda zitsekerero zitatu, tiyi chimodzi.

Chachinayi: gawanani ntchito

Pakhale wolandira alendo, wophika, woperekera zakudya, wokonza m'zipinda ndi mlonda. Ana akakhala awiri okha, aliyense anyamule ntchito ziwiri, kapena itanani anzawo oyandikana nawo nyumba. Tsiku lililonse azisinthana. Pa ichi ndimaumirira kwambiri: mnyamata naye ayale bedi ndi kutsuka mbale, mtsikana naye agwire buku la ndalama. Mukawasiya okha, amagawana monga momwe amaonera akuluakulu akuchitira, ndipo mtsikana amathera kukhitchini sabata yonse.

Chachisanu: inu khalani mlendo, osati mphunzitsi

Mfundo yaikulu ndi imeneyi, ndipo ndi imene makolo ambiri timalephera. Tengani chikwama, tulukani pa geti, mulowenso ngati munthu wochokera ku Blantyre amene wangotsika minibasi. Nenani kuti, “Odi kuno! Malo ogona alipo?” Mwana akuyankheni monga mwini malo: “Takulandirani bambo, mwayenda bwanji? Mukhala masiku angati?” Inunso mumulemekeze, muzimutchula kuti “amanijala” kapena “achimwene”, osati dzina lake la masiku onse. Mudzaona momwe amawongolera msana.

Akalakwitsa masamu musavule chipewa cha mlendo n'kuyamba kukalipa. Dandaulani ngati kasitomala. Tiyerekeze kuti chipinda ndi K2,000 usiku umodzi, nsima ya matemba K500, tiyi K200. Mwagona masiku 3, mwadya nsima kawiri, mwamwa tiyi katatu. Zonse pamodzi ndi K7,600, ndipo inu mwapereka ma K5,000 awiri. Mwana wanga anandibwezera K3,400. Ndinangoti, “Amayi, ine ndine munthu wachilungamo, ndikuona ngati mwandipatsa zambiri. Tawerengeraninso, bizinesi ingakugwereni.” Anakhala chete, n'kuyala ndalama zija pa tebulo, kuwerenga kuyambira pa K7,600 kukwera mpaka K10,000 monga amachitira amayi a mumsika, ndipo anapeza yekha kuti chenji ndi K2,400. Kuwerengera kokwera kumeneku sindinamuphunzitse ine, anakuona kwa ogulitsa tomato.

Tsiku lina khalani mlendo wovuta. Nenani kuti madzi osamba ndi ozizira, kapena kuti mu chipinda muli udzudzu ndipo neti mulibe. Mwana aphunzire kupepesa, kufunsa ndi kupeza chochita. Tsiku lina bwerani ngati agogo osamva bwino, kapena ngati mlendo wa kunja wongoyankhula Chingerezi, kuti mwana ayesere moni ndi mitengo m'chiyankhulo chimenecho popanda mantha a mayeso.

Chachisanu ndi chimodzi: buku la alendo ndi malisiti

Tengani kope lakale, jambulani mizere ya tsiku, dzina la mlendo, kochokera, nambala ya chipinda, masiku ogona ndi ndalama zolipira. Mlendo aliyense asalandire kiyi asanalembedwe. Pochoka alandire lisiti lolembedwa ndi dzanja. Apa mwana akulemba madeti, mayina a maboma monga Mangochi, Machinga ndi Phalombe, komanso akuchulukitsa manambala. Wamng'ono amene sanayambe kulemba akhoza kudinda chidindo chosema pa mbatata.

Chachisanu ndi chiwiri: khitchini ndi msika

Mndandanda wa zakudya ulembedwe pa katoni pamodzi ndi mitengo yake. Ana aang'ono aphike zadothi ndi masamba, moto ndi mpeni asayandikire. Okulirapo akhoza kupanga tiyi weniweni kapena kuwiritsa mbatata pa mbaula inu muli pomwepo, ndipo asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya cha alendo.

Kamodzi pa sabata pitani nawo mumsika waukulu wa Zomba kapena wa Mpondabwino, atanyamula pepala la zofunika kugula. Afunse okha mitengo ya mulu wa matemba a ku nyanja ya Chirwa, mpunga, anyezi ndi nthochi, n'kulemba. Kunyumba muwerengere limodzi: ngati ndiwo za anthu anayi zatidyera ndalama zakutizakuti, mbale imodzi tigulitse zingati kuti tisaluze? Mawu oti mpamba ndi phindu amamveka bwino mwana akaona kuti mtengo umene anaika dzulo sukubweza ngakhale ndalama ya makala.

Chachisanu ndi chitatu: kuonetsa alendo malo

Hotela ya ku Zomba singakhale yopanda woperekeza alendo. Mwana ajambule mapu a phiri, aikepo damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe ndi malo oonera patali a Emperor's View, omwe anatchedwa choncho pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Aikenso mseu wokwera phiri umene anyamata amagulitsiramo masitiroberi ndi mabulosi. Inu mufunse ngati mlendo wofuna kudziwa: “Ndamva kuti kuno kunali likulu la dziko, zoona?” Mwana akafufuze, adzakuuzeni kuti likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Chimene wafufuza kuti auze mlendo wake sachedwa kuchiloweza.

Pomaliza: tsekani buku

Ola limodzi kapena awiri pa tsiku ndi okwanira. Siyani ana akadali ndi chilakolako, musadikire kuti atope n'kuyamba kukangana. Musanapasule zitenje, khalani pansi nonse, manijala wa tsikulo awerenge ndalama zimene zili mu bokosi, aziyerekeze ndi zimene zalembedwa m'buku. Zikasiyana, fufuzani lisiti limodzilimodzi mpaka mupeze pomwe panalakwika. Kenako alipire antchito anzake, apatule ndalama yogulira zinthu za mawa, yotsalayo ailembe pa tsamba lakelake.

Inu, ana atagona, tsegulani kope lija muone pamene akuvutika. Ngati akusokonezeka pochotsera manambala okhala ndi maziro ambiri, mawa bwerani ndi K5,000 kudzangomwa tiyi wa K200. Ngati chilembo cha b ndi d akuchitembenuza, mlendo wa mawa achokere ku Balaka, mnzake ku Dedza.